Keziya ndi Chidede cha Kumanda

Tsiku limene Keziya anamasula thumba lake pa msika wa Uliwa, anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti.

Linali Loweruka m'mwezi wa Juni, dzuwa la ku Karonga lili paliwombo. Mayi wina wa ku Tanzania, amene ankabwera kudzapikula chidede chouma, anapisa dzanja m'thumbamo n'kutulutsa zinthu zotuwa, zopepuka ngati mankhusu a mpunga. Anazinunkhiza, anazifikisa m'manja, zonse zinangosanduka fumbi.

"Dada, hii nini?" anafunsa m'Chiswahili. Kenaka anabwereza m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Ichi chiyani wabweretsa?"

Keziya anayankha ndi mtima wonse kuti amenewo anali maluwa a chidede, othyola yekha m'mamawa uliwonse kwa miyezi iwiri, oyanika bwinobwino pamthunzi. Apa ndiye msika unaphulika. Ogulitsa usipa anasiya makasitomala n'kubwera kudzasuzumira. Wakabaza wina anati mwina ndi fodya watsopano wa ku tauni.

Ine ndinalipo. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Uraha, munthu wa ku Ntcheu wotumizidwa kumpoto ndi boma. Ndivomere pamaso panu, nanenso ndinaseka, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi. Sindinkadziwa kuti m'thumba limenelo munali malo a amayi ake, ndi kuti anali atangowataya.

Keziya anamanga thumba lake, analisenza, n'kuyamba wapansi kubwerera kwawo.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mwina mwangotuluka kumene pamsika wanu, anthu akukusekani. Khalani pansi ndikuuzeni mmene mayi ameneyu anafikira pamenepo, ndi zimene anachita atachokapo.

Amayi ake a Keziya ankadziwika kuti NyaKayira, monga amatchulira amayi kumpoto, ndi dzina la bambo awo. Ndinawapeza ali moyo, ndipo ndimawasowa. Nyumba yawo inali m'mphepete mwa msewu, ndipo mpanda wake sunali wa udzu kapena wa bango. Unali wa chidede, chitsamba chija cha timitengo tofiira chimene chimatalika kufika m'mapewa a munthu. Chidede chinalipo kwa ena m'mudzimo, koma chawo chinali choyezuka, chongothyola masamba a ndiwo. Cha NyaKayira chinali chofiira mpaka kuderako, ndipo mbewu yake anachita kubwera nayo pokwatiwa, atamanga pa mpango.

Munthu akadwala chifuwa, ankapita kwa NyaKayira. Mayi akatuluka m'chikuta nkhope ili mbuu, apongozi ake ankatuma mwana kwa NyaKayira. Iwo ankatapa chidede chouma m'thumba, kuwiritsa mumphika, madzi n'kufiira ngati magazi, owawasa mpaka m'makutu. Anthu ankati chimabwezera mphamvu ndi magazi. Ine si dokotala, ndipo NyaKayira mwiniwakeyo ankathamangitsira kuchipatala aliyense wodwala kwenikweni. Koma aphunzitsi tonse tinkadutsira pakhonde pawo poweruka, n'kumwa kapu imodzi yozizira kuchokera mumtsuko, kwinaku akutiphunzitsa Chitumbuka n'kumatiseka malilime athu olemera. Masiku amenewo anali okoma.

Zitsamba zawozo ankazitcha "maluwa ghane", kutanthauza maluwa anga. Akapita kukathirira, maluwa ghane. Mbuzi ikalowa, maluwa ghane. Chouma cham'thumba chomwe, maluwa ghane. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene anapweteketsa mwana wawo.

Keziya anali mwana wanzeru, ndiye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anamutumiza kwa azakhali ake ku Mzuzu kuti akaphunzire sukulu yabwino. Kumudzi ankangobwera patchuthi. Pa Khirisimasi ankapeza amayi ake akubzala. Akabwera mu Ogasiti ankapeza chidede chili kale m'thumba, chouma. Zapakatipo sanazionepo ndi maso ake ngakhale kamodzi.

Sukuluyo sinamuyendere. Mayeso a Fomu 4 analephera kawiri. Anagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye, anakwatiwa, ukwati unatha wopanda mwana. Amayi ake anamwalira iye ali pakati pa mavuto amenewo, anangobwera kumaliro n'kubwerera mawa lake. Patapita zaka ziwiri anatsika minibasi pa Uraha ndi chikwama chimodzi ndi ambulera yamaluwamaluwa, ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.

Anapeza mpanda uja kulibe, mbuzi zitamaliza kalekale. Nyumba ya amayi ake inali itagwa mbali imodzi. Koma kudenga, pamene ankabisa zinthu, anapeza botolo lotseka ndi chitsononkho, m'kati muli njere zosakaniza ndi phulusa.

Mlongo wake wamkulu, Gordon, ndi amene anali mwini mbumba. Kumeneko malo amatsata mwana wamwamuna, wamkazi amawerengedwa kuti ndi wa kumene akakwatiwe. Gordon sanali munthu woipa ayi. Anali mlimi wa mpunga ku sikimu ya Hara, wa ana asanu, nyumba yake yaudzu yodontha. Ndipo munthu wina wa chigayo anali atapempha kale malo a NyaKayira aja, poti anali pamsewu, n'kulonjeza kuti akapatsidwa adzafolera nyumba ya Gordon ndi malata.

Keziya anapempha kuti asagulitse. Anati adzadzutsa maluwa a amayi awo, adzakhala pomwepo, adzadzidyetsa yekha. Gordon anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenaka anamupatsa dzinja limodzi. Zikakanika, wachigayo adzabwere ndi zikhomo zake.

Asanagwire khasu, abale anamuperekeza kumanda a banja, kuseri kwa nthochi, kuti akalire amayi ake monga mwa mwambo. Analibe nkhata yoti aike. Anangotola kamtengo, n'kuboola timaenje tisanu ndi tiwiri kumutu kwa manda, n'kuponyamo njere za m'botolo muja. Zotsala zonse anakabzala pamalo paja. Kumandako sanapitekonso, poti kumanda sikuyendedwa chisawawa.

Tsopano ndinene chilungamo, ngakhale Keziya ndi mnzanga lero. Mayiyu anabwera ndi matama. Kumunda ankapita atafunda ambulera. Kondowole, nsima ya chinangwa ija, ankati amamutupitsa m'mimba. Moni wa Chitumbuka ankayankha m'Chingelezi. Anthu anangomupatsa dzina loti Madamu, n'kumusiya.

Njere zambiri zinali zitafa m'botolo, koma zimene zinamera zinakula mosangalatsa. Mu Epulo munda unayamba kutulutsa maluwa, oyera mopita kuchikasu, pakati pali diso lofiira. Duwa la chidede limatseguka m'mamawa, dzuwa likapendeka lafota, mawa lake lagwa. Keziya ataona maluwa oyamba ali pansi, anati chuma cha amayi ake chikuwolera m'dothi. Kuyambira tsiku limenelo ankadzuka mbandakucha ndi lichero, n'kuthyola duwa lililonse ndi khosi lake lomwe lisanagwe.

Mkazi wa Gordon, Bessie, anamuona m'mawa wachiwiri. Anatula ndowa yake n'kufika m'mphepete mwa munda, koma asanamalize n'komwe moni, Keziya anamudula. Anamuuza kuti zimenezi anawerenga pa foni, safunika womuphunzitsa. Bessie anasenza ndowa yake n'kumapita. Anthu ena odutsa pamsewu ankaima, kuyang'ana, n'kumauzana kuti mwina ndi njira yatsopano ya anthu ophunzira. Kodi Madamu ungamuuze chiyani?

Pa foni anawerengadi kuti maluwa a chidede amagulidwa. Mtanzania uja naye ankalengeza pamsika kuti akufuna maua, ndiwo maluwa m'Chiswahili. Amayi ake ankati maluwa ghane. Aliyense ankati maluwa, ndiye iye anathyola maluwa. Safunsa anadya phula, abale anga, ndipo Keziya anadya lambiri, munda wonse, osasiyako ndi duwa limodzi loti libereke njere.

Tibwerere tsopano pa tsiku la msika lija.

Njira yachidule yochokera ku Uliwa imadutsa m'mbali mwa manda a banja lawo. Keziya ankayenda atawerama, thumba pamutu, akuganiza zoti mawa akwere minibasi apite kulikonse kumene sakumudziwa. Atakweza maso anaona chinthu chofiira pakati pa nthochi. Anayesa wina wayanika chitenje pamanda a amayi ake. Anasendera mpaka pamalire, n'kuima.

Zitsamba zisanu ndi ziwiri zija zinali zitatalika kumuposa. Panalibe amene anazithirira kapena kuzithyola. Nthambi iliyonse inali itanyamula tizikho tofiira, tonenepa, tonyezimira, kuyambira pansi mpaka kunsonga.

Bessie anamupeza pomwepo akuchokera ku Hara, thumba lili pansi, mwiniwake akungoyang'ana.

"Alamu, izi n'chiyani?" anafunsa Keziya.

"Chidede ndi chimenecho."

"Nanga maluwa?"

"Duwa limangobwera kudzatsegula khomo. Likagwa, kakhosi kotsalako kamatupa, n'kukhala icho mukuonacho. M'kati mwake ndi mmene mumakhala njere."

Keziya anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire.

"Ndinabwera, alamu," anatero Bessie. "Munati munawerenga pa foni."

Keziya anakhala pansi pafumbi n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Analira chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa anazindikira kuti amayi ake sankawadziwa. Ankadziwa kapu yozizira ya mumtsuko, koma ntchito ya manja awo sanaionepo.

Mbewu yonse ya NyaKayira padziko lapansi inali itatsala pa zitsamba zisanu ndi ziwirizo. Vuto linali lakuti chomera pamanda sichithyoledwa. Ukangotero anthu amati ukukhwima, ndipo ngakhale utapanda kukhwima, ndani angamwe chinthu chochokera kumanda? Woloza njira pa nkhani yotere anali mmodzi yekha, Gordon, ndipo dzinja limodzi limene anamupatsa lija linali litatha.

Apa ndi pamene ine ndimamuvulira chipewa Keziya. Kulima aliyense amalima. Koma madzulo a tsiku lomwelo anapita kukhitchini kwa Bessie, anagwada pakhomo pomwe ana akuona, n'kupepesa m'Chitumbuka chimene ankanamizira kuti anaiwala. Anadya kondowole amene anamupatsa, ndipo m'mimba simunatupe.

Bessie ananyengerera mwamuna wake masiku atatu kuti alole kukathyola mbewu kumandako ndi kumupatsa Keziya dzinja lina. Tsiku loyamba Gordon anakana, anati mawu ake anapereka kale kwa wachigayo ndipo iye si mwana. Lachiwiri anati anthu adzatinena ufiti. Lachitatu Bessie anangomufunsa kuti ana ake akadzafunsa za mpanda wofiira wa agogo awo, adzawaloza chigayo kodi? Gordon anatuluka osadya, n'kupita kukaonana ndi bambo awo aang'ono.

Loweruka lotsatira banja lonse linapita kumanda dzuwa likutuluka, poyera, kuti wina asadzanene kuti zinachitika mobisa. Gordon anavula chipewa n'kuyankhula ndi amayi ake ngati ali pakhonde. Anawauza kuti mwana wawo wabwera, walakwitsa, ndipo akupempha mbewu, osati yomwa kapena yogulitsa, yobzala basi. Woyamba kuthyola anali iyeyo. Anasankha tizikho touma tokha, timene njere zake zinali zitayamba kulira m'kati ukagwedeza. Atasosola zonse, njere zinadzaza mbale imodzi ya ndiwo.

Pobwerera anamuuza mlongo wake kuti wachigayo wavomera kudikira chaka chimodzi, popeza anali akumanga kwina. Chaka chimodzi, osati ziwiri. Keziya anangoti, "Yewo, adumbu," kuthokoza mlongo wake mwaulemu wa kwawo.

Kuchokera mu Julayi mpaka mvula, munthu amadya chiyani? Madamu anavula nsapato n'kulowa m'matope a ku Hara kukagwira ganyu yowokera mpunga. Tsiku loyamba misundu inamukakamira m'miyendo, anakuwa mpaka amayi a m'mindamo anagwa ndi phwete. Msana unamuwawa, zikhatho zinasupuka. Eni minda ankamulipira mpunga wa m'mbale, nthawi zina chinangwa. Mbali yakugwa ya nyumba ija anaimata yekha ndi dothi. Pang'onopang'ono dzina la Madamu linayamba kutchulidwa mwachikondi, ngati mmene timatchulira munthu wathu amene anapenga n'kuchira.

Mvula yoyamba itagwa, sanabzale asanafunse. Bessie anamuuza kuti chidede si mpunga, sichikonda kuima m'madzi, ndiye aunde mizere italiitali. Anamuonetsa kutaya phazi limodzi lalikulu pakati pa phando ndi phando, njere zitatu padzenje, n'kudzapatulira zikamera. Zitafika m'mawondo anamuuza kuti atsine nsonga kuti zichite nthambi zambiri. Keziya anachita mantha, poti dzanja lake linali litawonongapo kale munda wonse. Anatsina mzere umodzi wokha n'kudikira milungu iwiri. Ataona mmene unatambasukira, anatsina yonse.

Mu Febuluwale kunagwa mvula ya masiku anayi osakata. Madzi a mumsewu anakhamukira m'munda, ndipo mbali yakumunsi inasanduka dambo. Ndinamuona ndi maso anga ndikupita kusukulu, ali m'madzi ofika m'akakolo, akukumba ngalande mvula ikumukhuthukira pamsana. Ndinamuuza kuti adikire ikate. Anandiyankha kuti aphunzitsi, inu pitani mukaphunzitse, mizu siidikira. Anapulumutsa zambiri, koma gawo limodzi mwa magawo atatu linafota n'kuwola.

Kenaka zinabwera mbuzi, iye anatchinga ndi minga. Zinabwera nsabwe za m'masamba, iye anawaza phulusa m'mamawa mame asanaume. Amayi ena ankapempha masamba a ndiwo, iye ankapereka apansi okha, ndipo ankapereka akuseka.

Chovuta kuposa zonse chinabwera mu Epulo. Munda unayeranso ndi maluwa, ndipo ntchito yake tsopano inali yosachita kanthu. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse manja ankamuyabwa. Ankakhala pakhonde atawapanikiza pakati pa mawondo, n'kumaonerera maluwa akutseguka, akufota, akugwa. Pansi panadzaza maluwa owola, ndipo mtima unkamuuza kuti akutayanso chilichonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mwambiwo sanali ndi wachigayo womudikira ndi zikhomo.

Patapita milungu itatu, timakosi tija tinatupa. Munda unafiira kuyambira kumsewu mpaka kunthochi, ndipo okalamba odutsa ankaima n'kugwira pakamwa. Mayi wina wachikulire analowa osaodira, anagwira nthambi imodzi, n'kuyamba kuitana dzina la NyaKayira misozi ili mbwembwembwe.

Kukolola chidede kuli ndi luso lake. Kachikho kofiirako ndi kamene kamafunika, koma m'kati mwake mumakhala kampira ka njere koyenera kuchotsa. Ukamachotsa ndi zala umang'amba kachikho, ndipo tsiku limatha usanadzaze lichero. Bessie ananena kuti apongozi ake ankagwiritsa ntchito kachitsulo kamphako, kobaya nako kumunsi, kampirako n'kutulukira kumwamba. Anakafunafuna m'nyumba monse, osakapeza. Kenaka maso a Bessie anagwera pa ambulera ija ili pakona.

Wokonza njinga wa pamsewu anadula mtengo wachitsulo wamphako wa ambulerayo n'kutulutsa tizitsulo titatu, n'kunola kukamwa kwake. Ambulera ya ku Mzuzu inathera pomwepo, ndipo mudzi wonse unavomereza kuti aka kanali koyamba kuti igwire ntchito yooneka.

Anakhala pakhonde milungu isanu ndi umodzi, iye, Bessie ndi amayi ena awiri olipidwa ndi mbewu. Chidede chili ndi taubweya toyabwa, ndipo madzi ake amathimbiriritsa. Tsiku lina akusamba m'manja, Keziya anaona kuti kufiira kwa m'mbali mwa zikhadabo sikukuchoka ngakhale ndi sopo. Anaziyang'ana zalazo nthawi yaitali. Zala za amayi ake zinkaoneka choncho akabwera patchuthi cha Ogasiti, ndipo iye ali mtsikana ankachita nazo manyazi, ankawauza kuti azisamba bwino akamapita kutchalitchi. Anamuuza Bessie nkhaniyi akuseka, koma anamaliza akupukuta m'maso.

Anayanika pathandala, osati pansi, n'kumatembenuza mpaka chilichonse chikuthyoka ukachipinda. Atabwerera pa Uliwa, Mtanzania yemwe uja anapisa dzanja m'thumba, anatafuna kamodzi, nkhope n'kukwinyika ndi kuwawasa. Anafunsa kumene anapeza mtundu wakuda chotere, ndipo anatenga matumba onse awiri. Anamwino a ku Chilumba anayamba kuitanitsa. Ifenso aphunzitsi tinayambiranso kudutsira pakhonde lija poweruka. Kapu yanga yoyamba ndinamwa nditatembenukira kumsewu, kuti anzanga asaone nkhope yanga.

Koma musaiwale, malo anali asanakhale ake. Matumba awiri a chidede safolera nyumba ya munthu, ndipo Gordon sananene kanthu chikololereni.

Wachigayo anabwera kumapeto kwa Julayi pa njinga yamoto, kumbuyo atamangirira zikhomo ndi chingwe choyezera. Anali munthu waulemu, wodziwa kulonjera. Anayamba wafika kwa Gordon, ndipo awiriwo anabwera limodzi wapansi. Keziya anali pathandala akutembenuza chidede chomaliza. Bessie anaima pakhomo la khitchini ndi mwana kumsana, osayandikira.

Anazungulira malo onse, wachigayo akuloza pamene padzakhale injini ndi pamene ngolo zizidzaima. Anakumbutsa Gordon kuti malata ali kale kusitolo kwake, ngakhale mawa akhoza kutumiza, mvula isanamupezenso m'nyumba yodontha. Gordon ankangoyenda manja kumbuyo. Anaima pa ngalande ija mlongo wake anakumba, imene inali itauma, n'kuiyang'ana kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Wachigayo anamasula chingwe n'kufunsa kuti chikhomo choyamba akhome pati.

Gordon anayankha m'Chitumbuka, mawu atatu okha.

"Mwenecho ni uyo."

Mwiniwake ndi uyo. Ananena akuloza mlongo wake ndi dzanja lonse, mokweza, moti amayi amene ankadutsa pamsewu ndi mitolo ya nkhuni anamva n'kuima. Kumeneko mawu otere sanenedwa kwa mwana wamkazi wobwerera ku ukwati. Wachigayo anayesa nthabwala, anaseka pang'ono, koma ataona nkhope ya Gordon anasiya. Anapita kuthandala, ananyonyomala monga amachitira munthu pamaso pa mwini malo, n'kufunsa Keziya ngati angamugulitse.

Keziya anandiuza kuti zimene zinatuluka pakamwa pake sanazikonzekere.

"Pepani bambo, malo ano ndi olimidwa."

Wachigayo anakulunga chingwe chake, anatsazika bwinobwino, n'kumapita. Keziya anafuna kugwada kuti athokoze mlongo wake, koma Gordon anali atatembenuka kale, akufunsa Bessie kumene anaika chikwakwa. Mawa lake m'mamawa ndinakumana naye akupita kudambo kukamweta udzu wofolera nyumba yake. Mvula ya chaka chimenecho inamudontherabe, iye ndi ana ake asanu, ndipo sanadandaulepo kwa munthu.

Ine ndinapuma ntchito n'kubwerera kwathu ku Ntcheu, koma mtima wanga unatsalira pamsewu umenewo. Ndimamva kuti Keziya ali pomwepo, mpanda wofiira unabwerera, ndipo amayi khumi ndi awiri a ku Uraha akulima mbewu ya NyaKayira. Aliyense wobwera kudzatenga njere amayamba wamva nkhani ya thumba la fumbi, kuchokera pakamwa pa mwiniwake, kuti wina asadzalakwitsenso chimodzimodzi.

Tsono inu amene mwalephera poyera, anthu akuona, ndimvereni. Keziya sanapulumuke chifukwa cha nzeru, poti nzeruzo ndi zimene zinamugwetsa. Anapulumuka chifukwa tsiku limene anafuna kuthawa, anapita kukagwada pakhomo la munthu amene iye anamunyoza, n'kufunsa. Mwina nanunso alipo wina amene anabwera kudzakuuzani, inu n'kumubweza ndi mawu. Akadalipo, ndipo khitchini yake mukuidziwa. Musakwere minibasi ija. Mtima usagwe, pitani mukagogode, mukafunse, ndipo mvula ikagwa mukabzalenso.